Khadi la Mafani Atatu ndi Diso la Mlamu Wanga

Abale anga, zikomo pondipatsa mpata. Ndaona ena mukuyang'ana mapepala ali m'manja mwangawa mwamantha. Musaope, sindiwerenga onse. Ndangowagwira kuti manja akhale ndi chochita, pakuti manja amenewa ndi omwe adandipititsa kundende.

Ndine Edisoni Ngozo, wa konkuno ku Lizulu. Sukulu ndidalekera Fomu 2, koma kuwerenga sindidaleke. Ndimawerenga chilichonse: kapepala ka m'bokosi la mankhwala, nyuzipepala yokulungira usipa, ngakhale zolemba za pa thumba la feteleza. Mlamu wanga Layitoni, mlongo wawo wa mayi a Tadala akunyumba kwanga, adandipatsa dzina loti Pulofesa wa Kachewere. Chilamu mukuchidziwa nonse. Mlamu amakunyoza, iwe n'kubweza, nonse n'kuseka, palibe mlandu. Koma mlamu akasiya kukunyoza, dziwa kuti chinthu chafa pakati panu. Ine ndidachipha ndi manja anga, ndipo umboni wanga ndi wa mmene ndidachilirira kuti chidzuke.

Tidali ndi kasitudiyo kuseri kwa amayi ogulitsa kabichi. Layitoni ankajambula ndi kamera, ine n'kumakonza pa kompyuta: maukwati, zinkhoswe, makwaya, ziliza. Ndidadziphunzitsanso kujambula mapulani a nyumba, kuti abale a ku Joni aziona nyumba yawo itaima pa sikirini asanaumbitse njerwa.

Kompyutayo adatitumizira achimwene anga amene amalondera pa ofesi ina ya ojambula mapulani ku Joni komweko, mabwana awo atagula zatsopano. Mkati mwake mudali chomwe amati gilafiki khadi. Kwa inu amene simudatsegulepo kompyuta, ndi chipangizo chonga kabuku, ndipo ntchito yake ndi kusenza zithunzi ndi makanema. Makhadiwa alipo a masewero, alipo a ntchito. Lathu lidali la ntchito: lopyapyala, lakuda, fani imodzi, lopanda chokongola chilichonse. Linkadya magetsi pang'ono, moti akazima tinkalumikiza ku batire ya sola, ntchito n'kumapitirira. Ukalipatsa kanema kuti liphike, ife timati kuphika nthawi imene kompyuta ikusonkhanitsa zidutswa zonse kuti zikhale kanema mmodzi, linkachedwa, inde, koma silidapserezepo.

Tsoka langa lidalowera pa foni. Ndidapeza masamba a pa intaneti oyerekeza makhadi. Abale, amalemba bwino anthu amenewo! Ili lili ndi memoli yochuluka mwakuti, ili limadya mawati a magetsi mwakuti, ili limaphika kanema iwe usanamalize kapu ya tiyi. Ndiye amaika mizere yopingasa, wautali pamwamba, waufupi pansi, ngati zotsatira za mayeso pa khoma la sukulu. Ndidalifunafuna lathu. Ndidakalipeza kumunsi kwenikweni, mzere wake waufupi ngati mchira wa mbuzi. Kuyambira pamenepo khadi lomwe linkatidyetsa lidayamba kundinunkha.

Manambalawo ndinkaloweza ngati mavesi. Pakudya ndikuwerenga, kuchimbudzi ndikuwerenga. Ndikakhala pa kompyuta n'kuona kamzere kosonyeza kuphika kakukwawa, mtima unkawira. Ndidayamba ndi kumenya tebulo. Kenako kiyibodi ndidaithyolera pa bondo. Galu wa oyandikana nafe ndidamuponda nthiti chifukwa chongogona pakhomo. Ndikaweruka ndinkawoloka msewu kupita mbali ya Mozambiki kukamwa, ati kuziziritsa mutu, n'kubwerako mutu ukuyaka kuposa kale. Mbale zidayamba kuuluka kunyumba. Tsiku lina mayi a Tadala adangofunsa kuti, "Bambo a Tadala, kodi kompyutayo yawonongeka, kapena mwangoida?" Ndidawamenya khofi mpaka adakagwera pa ndowa, mlomo n'kung'ambika. Ndikunena poyera chifukwa ena muno mudachitapo zomwezi ndipo mumazitcha kulangiza. Si kulangiza kumeneko, ndi kumenya munthu. Iwo sadamuuze mlongo wawo. Adati adaterereka pa mjigo.

Tsidya la msewu kudali mkulu wina wogulitsa zipangizo zakale za kompyuta. Tsiku lina la msika adatulutsa m'katoni khadi la masewero. Chimphona! Mafani atatu, zitsulo zoziziritsa zondondozana ngati mano a chipeso, ndi timagetsi tosinthasintha mitundu. Ndidalizindikira pompo, pa mizere ija lidali pafupi ndi pamwamba. Sindidafunse komwe lachokera. Ndidadzamva pambuyo pake kuti lidatha zaka likuyaka osapuma m'nyumba ina yokumba ndalama za pa intaneti, ndipo lidali lotopa ngati agogo anga amene adabwera kuchokera ku migodi ndi chifuwa. Ndidapereka khadi lathu laling'ono, n'kuonjezera mbuzi ya mayi a Tadala osawafunsa.

Layitoni ataliona adalizungulira ngati munthu wogula ng'ombe.

"Alamu, ng'ombe iyi mukuti ilowe m'khola la nkhuku?"

"Inu dziwani za kamera. Izi n'za anthu owerenga."

"Ee, Pulofesa. Nanga izidya chiyani? Kabokosi ka magetsi ka m'kompyutamu si kaja mudandiuza nokha kuti n'ka mwana?"

Choseketsa n'chakuti ndinkadziwa. Mzere wa mawati ndidauwerenga, koma ndidaudumpha monga mmene munthu amadumphira vesi lomwe likunena iyeyo. Khadi lidakana kulowa, ine ndidacheka bokosi la kompyuta ndi sowo. Linkafuna nthambo zakezake za magetsi zomwe kompyuta yathu idalibe, ine ndidalumikiza zanga n'kumata ndi tepi. Timagetsi tija titayaka, tofiira, tobiriwira, ndidaitana amayi a kabichi kuti adzaone. Mmodzi adafunsa ngati Khirisimasi yafulumira chaka chino.

Nthawi imeneyo banja linkakonzekera chiliza cha apongozi anga, bambo awo a Layitoni ndi mayi a Tadala, kwawo ku Champiti. Mkuluyo adali katswiri wa gule wa ngoma. Chaka chomwe adamwalira, Layitoni adawajambula akuvina komaliza, chishango kumanzere, chibonga kumanja, akugiya, kudumpha ndi kuguguda okha pakati pa bwalo, fumbi lili koboo, anyamata atawapatsa malo. Kanema ameneyo adali m'kompyuta mwanga mokha, poti memoli ya m'kamera tidaifufuta kalekale kuti tijambulire maukwati ena. Abale adagwirizana kuti tsiku la chiliza tidzamuonetse pa chinsalu, adzukulu aone agogo awo.

Ndidati ndimukonze, ndimuwalitse, anthu a ku Champiti adziwe zomwe mafani atatu amachita. Adali masana a nyengo yotentha, denga lathu la malata likuthetheka. Ndidayambitsa kuphika. Mafani adalira ngati chigayo. Kamzere kaja kadathamanga, ine ndikumwetulira ndekha. Kenako sikirini idathima, n'kuyaka, n'kuthimanso. Kudamveka phu! Utsi udatuluka kumbuyo, fungo la pulasitiki wopsa lidadzaza chipinda. Ndidazula nthambo kukhoma, ndidasolola khadi likuwotcha zala. Kabokosi ka magetsi kadaphulika, ndipo pophulikapo kadapita ndi hadi disiki, chosungira zonse. Ndidaona pomwe padapserera, pakuda bii. Ndidadziwa kuti apongozi anga afa kachiwiri.

Layitoni adalowa akununkhiza m'mwamba, asakudziwa kanthu.

"Alamu, mwayamba kuwotcha mbewa mu situdiyo? Tigaireniko, Pulofesa. Kapena ng'ombe ija yaphwisa?"

Khadi lidali m'manja mwanga, lolemera ngati njerwa. Ndidamumenya nalo kumaso, mbali ya zitsulo zija. Adagwera pa mpando, ndidamenyanso. Khadi litasweka ndidanyamula choimikapo kamera. Ankatchinga ndi mkono akukuwa, "Alamu! Alamu, ndine!" Ndidamva fupa likuthyoka, ndipo sindidaleke. Magazi adafika mpaka pa sikirini yozimayo.

Amene adandileketsa ndi anthu a mumsika. Adandikokera panja ndi miyendo. Nsapato, zibakera, thabwa la benchi, mwala wa pa sikelo ya mbatata. Mano akutsogolowa adatsala m'ngalande ya pamsika, amene mukuwaonawa ndi ogula. Ndidamva wina akukuwa, "Bweretsani teyala!" Mayi a Tadala, omwe aja ndidawang'amba mlomo, ndiwo adadzigwetsa pamwamba panga n'kulandira zina mwa zibakerazo mpaka apolisi adafika.

Kukhoti ndidavomera mlandu. Layitoni adatuluka m'chipatala mkono uli m'pulasitala, patsaya pali zipsera zondondozana ngati mizere ija ndinkawerenga. Diso la kumanja, lomwe ankayang'anira m'kamera, silidaonenso. Chiliza adachita popanda kanema, popandanso ine.

Musaganize kuti ndende imasintha munthu pongolowa. Nditangofika ndidamenyana ndi mkaidi mnzanga polimbirana malo ogona, ndipo nyapala, mkaidi woyang'anira anzake, adandiswa msana ndi ndodo mpaka ndinkagona chafufumimba. Mumtima ndinkangoti wolakwa ndi wogulitsa uja, olakwa ndi magetsi, wolakwa ndi Layitoni ndi pakamwa pake.

Tsopano ndafika pomwe zidatembenukira, ndipo apa mundilole ndiyende pang'onopang'ono.

Tsiku lina loona akaidi, asilikali adandiitana. Ndinkayembekeza mayi a Tadala, koma iwo adali atabwerera kwawo ku Champiti ndi mwana. Kuseri kwa waya kudaima Layitoni, atanyamula kajumbo ka mbatata yophika ndi sopo. Kadali koyamba kumuona pafupi chimuvulazireni. Diso lija lidali loyera ngati la nsomba yophika. Adavula chipewa n'kuchigwira ndi manja awiri.

"Mwaswera bwanji, bambo Ngozo?"

Bambo Ngozo. Chikwatirireni mlongo wake sadanditchulepo choncho.

"Achemwali apereka izi. Akuti Tadala ali bwino."

Ndiye ndidayesa njira yathu yakale. Ndidatambasula manja kumuonetsa zovala zoyera za ukaidi, malaya ofika m'mawondo, n'kuti, "Alamu, bwanji suti yangayi, ikundikhala?"

Ndidamupatsa mpata waukulu ngati bwalo la mpira. Layitoni wakale akadandimaliza pomwepo, asilikali onse n'kugwa ndi phwete. Adandiyang'ana ndi diso limodzi lija, mwaulemu wonse.

"Ikukukhalani bwino, bambo. Tsalani bwino."

Adawerama pang'ono n'kumapita.

Abale, mwala wa pa sikelo uja sudandipweteke chotere. Ndidabwerera m'chipinda n'kukhala pakona, mbatata ili pamiyendo. M'ndende mudalibe chowerenga, ndiye mutu wanga unkangobwereza manambala a makhadi. Tsiku limenelo udaima pa chinthu chimodzi chomwe ndidachiwerengapo kambirimbiri osachilabadira. Khadi limakhala ndi kachipangizo komva kutentha, ndipo likafika pa malire limachepetsa lokha liwiro, kulolera kuchedwa kusiyana ndi kupsa. Chitsulo chopanda mzimu chimadziwa pomwe chatenthera. Ine ndinkadziwa malire a makhadi ambirimbiri omwe sindidawagwirepo, koma anga sindinkawadziwa. Musaseke, mlaliki aliyense amalalika ndi zomwe zili m'thumba mwake. Ndidalira tsiku limenelo, ndipo kwa nthawi yoyamba pemphero langa silidali lopempha kutuluka. Ndidangoti, Ambuye, olakwa si magetsi.

Ndidayamba kudziwerenga monga ndinkawerengera makhadi. Ndidapeza kuti kwa ine zimayambira m'makutu, amatentha. Kenako nsagwada zimalimba, kenako dzanja lamanja limafuna chogwira. Pakati pa makutu ndi dzanja pali kanthawi, kochepa, koma kalipo. Ndidadziphunzitsa kuti makutu akangotentha ndiziika manja kumbuyo n'kuchoka. M'ndende kuchoka n'kovuta, ndiye ndinkatembenukira kukhoma. Anzanga ankandiseka kuti ndikuwerenga khoma. Ndinkawayankha kuti inde, adalilemba bwino.

Nditatuluka mowa ndidausiya, pakuti kwa ine umafupikitsa kanthawi kaja. Ndidapita kuchipatala kukaonana ndi mlangizi wa za maganizo, ndipo ndimapitabe, si zamanyazi. Ndidatuma ankhoswe ku Champiti, ndidakagwada pamaso pa abale, n'kuulula ndekha za mlomo wa mayi a Tadala, zomwe iwo adabisa. Mbuzi yawo ndidabweza ndi thukuta la ganyu wosenza matumba a kabichi. Sadabwerere msanga, ndipo pobwera adaika lamulo lawo ankhoswe akumva: dzanja likadzakweranso kamodzi, ndiye basi. Ndidavomera. Wolakwa saika yekha tsiku lomukhululukira.

Koma Layitoni adakhalabe waulemu. Tikakumana pa msika, "Mwadzuka bwanji, bambo Ngozo?" Pamaliro ankanyamuka n'kundipatsa mpando. Abale, kupatsidwa mpando ndi mlamu wako!

Khadi laling'ono lija ndidakalipeza lili pomwepo kwa wogulitsa uja, litachita fumbi. Palibe adalifuna, poti lilibe timagetsi. Ndidamusenzera katundu masiku a msika mpaka adandibwezera, ndipo ndidamanga kompyuta ina kuchokera ku zidutswa. Lero munthu akandifunsa kuti khadi labwino ndi liti, ndimayamba ndamufunsa kuti akufuna ligwire ntchito yanji, lilowe m'bokosi lotani, lidye magetsi ochokera kuti, ndipo ngati ndi lakale, lidakhala kuti. Sindinena kuti a masewero ndi oipa. Pa kompyuta ya magetsi okwanira ndi mpweya wabwino amathamangadi. A ntchitowa ubwino wake ndi woti amawayesa ndi mapulogalamu a mapulani ndi makanema kuti asamagwe ntchito ili mkati, ena memoli yawo imadzikonza yokha ikalakwitsa, ndipo ang'onoang'ono ngati langali sadya zambiri. Koma mizere ija adaiyesera m'zipinda zozizira, pa magetsi osazima. Mulibe mzere wa fumbi la Lizulu, mulibe wa denga la malata mu Okutobala. China chomwe ndidaphunzira mochedwa: chinthu chomwe sungachijambulenso, chisunge pawiri, malo osiyana.

Za kanema uja, mayi a Tadala ndiwo adakumbuka kuti bambo awo akadali moyo, Layitoni adatumizapo kachidutswa pa foni kwa msuweni wawo wa ku Joni. Tidamupempha, adafufuza, adakapeza. Kadali kakafupi, kosaoneka bwino, ngati ukuonera pa galasi lonyowa. Ndidakakonza pa khadi langa lochedwa, ndikuyeretsa pomwe ndingathe. Kamzere kakamakwawa ndinkatuluka panja, manja kumbuyo, kukamva mitengo ya kabichi yomwe sindikufuna kugula.

Katapsa tidapita nako ku Champiti, ine ndi mayi a Tadala. Layitoni tsopano amalima, kamera adaisiya. Adayala mphasa pakhonde, iye ndi mlongo wake n'kukhala pansi, ine n'kundipatsa mpando. Ndidamupatsira foni ndi manja awiri. Adaibweretsa pafupi ndi diso la kumanzere. Mudamveka kuguguda kwa mapazi, ndi mawu a mkulu uja akutsogolera nyimbo. Mayi a Tadala adaphimba nkhope ndi chitenje. Layitoni adaonera mpaka kumapeto, adabwereza, adabwerezanso. Nkhuku inkapalasa pafupi ndi nkhokwe.

Kenako adapukuta diso lake labwinolo n'kunena, osandiyang'ana:

"Kuwerenga konse kuja, bambo anga akuoneka ngati akuvina m'nkhungu ya ku Biriwiri?"

Sindidadziwe ngati ndi mlandu wina.

"Ndipo pali china ndakhala ndikusunga. Suti ija ya kundende, Pulofesa, inkakukhalani ngati thumba la feteleza pa chitsa."

Ndidagwira makutu anga. Adali ozizira. Ndidafuna kubweza monga chilamu chimafunira. Koma ndidangolira, mano ogulawa ali pamtunda.

"Onani achemwali, mwamuna wanu akudontha. Chotsani foniyo anganyowetse, tingawataye bambo kachitatu." Kenako adandikodola mwendo ndi chala. "Inunso alamu, tsikani pampandopo. Ndi wa alendo."

Ndidatsika. Mphasa imeneyo ndiyo malo abwino kuposa onse omwe ndidakhalapo.

Sindikunamizani kuti zonse zidabwerera. Diso lake silidzaonanso, ndipo ndikamuyang'ana ndimaona zomwe dzanja ili lidachita. Makutu amatenthabe masiku ena. Tsono inu amene mudakali ndi anthu okusekani, okufunsani mafunso kunyumba osaopa, fufuzani lero pomwe inu mumayambira kutentha, wina ndi pachifuwa, wina ndi m'manja, ndipo uzani munthu mmodzi. Musadikire utsi.

Mlamu wangayo ndi uyo ali pafupi ndi chitseko, wa chipewayo. Akuti wandiperekeza kuti ndisasochere. Akundilozera wotchi pa mkono womwe ulibe wotchi, ndiye ndikhale pansi asanayambe za mano anga.